Makompyuta atatu a Windows yosiyanasiyana, pulinta imodzi: tiyambire pati?

Funso

Kunyumba kwathu tili ndi makompyuta atatu. Ya patebulo ndi yakale, ili ndi Windows 7, ndipo pulinta yathu ya HP LaserJet P1102 inalumikizidwa ku imeneyi ndi chingwe cha USB. Mayi a kunyumba ali ndi laputopu ya Windows 10, pomwe mwana wathu wamkazi amene ali ku koleji wangogula yatsopano ya Windows 11 Pro. Tonse timagwiritsa ntchito rauta imodzi ya Huawei yolowetsa simu khadi. Tikufuna tizipatsana mafayilo ndi kupulinta popanda kumangoyendayenda ndi fulashi, chifukwa fulashiyo inatibweretserapo kale vayilasi. Kale kunali HomeGroup, koma pa malaputopu sindikuiona. Ndikatsegula Network, makompyuta enawo pena amaoneka pena saoneka, ndipo ndikayesa kuika pulinta pa laputopu ya mwana, ikukana ndi uthenga wa 0x00000709. Mnyamata wina wokonza makompyuta wandiuza kuti tiyatse SMB1 pa makompyuta onse ndi kuzimitsa zofunsa pasiwedi. Kodi nditero? Tilinso ndi kompyuta ya Windows XP imene inangosungidwa, momwe muli zithunzi za ukwati wathu. Nayonso ingalowe nawo?

Bambo wa ku Zomba

Yankho

Ayi bambo, musatero. SMB1 musayatse, ndipo pasiwedi musazimitse. Zonse mukufunazi n'zotheka popanda kuchita zimenezo, ndipo pa laputopu ya mwana wanuyo kuzimitsa pasiwedi n'kumene kungapangitse kuti zinthu zikanike kotheratu. Malangizo amene mwapatsidwawo ali ponseponse, koma mapeto ake ndi kugwetsa chitetezo cha kompyuta yatsopano kuti ifanane ndi yakale, pamene yakaleyo sikufuna n'komwe kuti muigwetsere chilichonse. Ndiyambe ndi chifukwa chake, chifukwa mukachimvetsa simudzapusitsidwanso.

Makompyuta a Windows akamapatsana mafayilo amagwiritsa ntchito njira yotchedwa SMB. Njirayi ndi yakale kwambiri, inayambira ku kampani ya IBM mu 1983, ndipo mtundu wake woyamba ndi umene timautcha SMB1. Windows XP imadziwa mtundu wokhawu basi. Microsoft inabweretsa SMB 2 mu Windows Vista mu 2006, kenako SMB 2.1 mu Windows 7 mu 2009, SMB 3 mu Windows 8 mu 2012, ndi SMB 3.1.1 mu Windows 10 mu 2015. Makompyuta awiri akayamba kulumikizana, amauzana mitundu imene aliyense akudziwa, n'kusankha wapamwamba umene onse awiri ali nawo. Ndiye laputopu ya Windows 11 ikakumana ndi kompyuta yanu ya Windows 7 zimagwirizana pa SMB 2.1 pazokha, inu osakhudza kanthu. Pa makompyuta atatu amene mukugwiritsa ntchito, palibe ngakhale imodzi yofuna SMB1.

Nanga n'chifukwa chiyani okonza makompyuta ambiri amaikonda? Chifukwa akaiyatsa, mayina a makompyuta amatulukira pompopompo mu Network, kasitomala n'kuona ngati ntchito yatheka. Kale mndandanda wa mayinawo unkapangidwa ndi kachigawo ka Windows kotchedwa Computer Browser, komwe kamadalira SMB1. Koma kuoneka kwa dzina pa mndandanda ndi nkhani ina, kutsegula foda ndi nkhani inanso. Mungathe kutsegula foda ya kompyuta imene sikuoneka n'komwe mu Network, ndipo mungalephere kutsegula ya kompyuta imene ikuoneka bwinobwino.

Kuopsa kwa SMB1 kunaonekera poyera pa 12 Meyi 2017, pamene vayilasi ya WannaCry inafalikira m'maiko pafupifupi 150 ndi kugwira makompyuta oposa 200,000. Inkalowa kudzera pa chiboo cha mu SMB1 popanda munthu kudina chilichonse, n'kutseka mafayilo onse, n'kumafuna dipo kuti iwatsegule. Ku Britain zipatala za boma za NHS zinafika pobweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka chiboocho mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Kuyambira kumapeto kwa 2017, Microsoft inayamba kuchotsa SMB1 mu Windows 10, ndipo Windows 11 ya masiku ano imabwera SMB1 ili yozimitsa. Inu amene fulashi inakuonetsani kale zakuda, mungavomereze kuti si nzeru kutsegulira vayilasi njira yodumphira kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina yokha.

HomeGroup, njira yakale ya Windows yogawanirana mafayilo ndi pulinta pakhomo, musaifunefunenso. Inabwera ndi Windows 7 ndipo inachotsedwa mu Windows 10 mu Epulo 2018. Pa kompyuta ya patebulo idakalipo, koma ilibe mnzake woti igwirizane naye. Ngati munaiyatsa, lowani mu Control Panel, tsegulani HomeGroup ndi kusankha Leave the homegroup kuti isamasokoneze zilolezo za mafoda.

Tsopano ntchito yeniyeni. Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kuyambira pa pulinta, pomwe pulinta ndiye chinthu chomaliza. Yambani mwatsimikiza kuti makompyuta akuonana, kenako akaunti, kenako foda imodzi. Foda ikatseguka m'pamene mugwire pulinta. Mukalumpha chimodzi, uthenga wolakwika umene ubwere sukuuzani pamene pavuta.

Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, kenako pa sikirini yakudayo lembani ipconfig. Yang'anani mzere wa IPv4 Address, womwe ndi nambala ya kompyutayo pa netiweki. Pa rauta ya Huawei nthawi zambiri mupeza nambala yoyamba ndi 192.168.8, monga 192.168.8.101. Zigawo zitatu zoyambazo ziyenera kufanana pa makompyuta onse, chomaliza chokha ndicho chisiyane. Mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo sinalandire nambala kuchokera ku rauta, yang'anani chingwe kapena Wi-Fi. Mukaona ina ili ndi zigawo zosiyana, mwina yalumikizidwa ku hotspot ya foni ya munthu wina m'nyumbamo. Marauta ena ali ndi Wi-Fi yachiwiri ya alendo yotchedwa Guest, komanso chosankha chotchedwa AP isolation. Zonse ziwirizi zinapangidwira dala kuti zipangizo zisaonane, choncho makompyuta a pakhomo asakhale pa Guest, ndipo AP isolation ikhale yozimitsa. Ndikuuzeniretu kuti mafayilo oyenda pakati pa makompyuta a m'nyumba sadya bandulo. Amangodutsa mu rauta osatuluka kunja, moti ngakhale bandulo itatha kapena simu khadi itachotsedwa, mupitiriza kupatsana mafayilo ndi kupulinta.

Chachiwiri, Windows iyenera kudziwa kuti netiweki imeneyi ndi ya pakhomo. Laputopu ikalumikizidwa koyamba ku Wi-Fi, Windows 11 imaitenga ngati Public, kutanthauza malo a anthu ambiri, ndipo imadzibisa. Lowani mu Settings, Network & internet, Wi-Fi, tsegulani Properties ya Wi-Fi ya pakhomo ndi kusankha Private. Chitaninso chimodzimodzi pa Windows 10. Pa Windows 7 tsegulani Network and Sharing Center ndi kusankha Work network. Ndimakonda Work kuposa Home pa Windows 7 chifukwa Home imayambanso kukufunsani za HomeGroup. Mukatero pitani ku Advanced sharing settings pa kompyuta iliyonse, muyatse Network discovery ndi File and printer sharing, koma pa gawo la Private lokha, kapena la Home or Work pa Windows 7. Pa gawo la Public zisiyeni zozimitsa, makamaka pa laputopu ya mwana imene imakalumikizidwa ku Wi-Fi ya ku koleji komwe kuli anthu mazanamazana osawadziwa.

Pali chinthu china chimene kwathu kuno chimavutitsa kwambiri chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Rauta ndiyo imagawa manambala aja, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso ingathe kupatsa kompyuta ya patebulo nambala ina. Dzulo inali 101, lero ili 103, ndipo malaputopu akufunafunabe 101. Anthu amangoti netiweki yawonongeka pomwe nambala yangosintha. Mankhwala ake ndi kuipatsa kompyuta ya patebulo nambala yokhazikika. Pa Windows 7 pitani ku Network and Sharing Center, Change adapter settings, dinani batani lakumanja la mausi pa kulumikizana kumene mukugwiritsa ntchito, sankhani Properties, kenako Internet Protocol Version 4. Sankhani Use the following IP address ndi kulemba 192.168.8.50, pa Subnet mask 255.255.255.0, pa Default gateway 192.168.8.1, ndipo pa DNS lembaninso 192.168.8.1. Ndasankha 50 chifukwa marauta ambiri a Huawei amagawa manambala kuyambira 100 mpaka 200, choncho 50 sidzapatsidwa kwa chipangizo china. Mungatsimikize izi potsegula 192.168.8.1 pa browser ndi kuyang'ana gawo la DHCP, logawa manambalawo. Ngati rauta yanu ili ndi manambala ena, tsatirani amenewo. Malo a Default gateway musawasiye opanda kanthu, chifukwa Windows 7 ikapanda kuona gateway imatcha netiwekiyo Unidentified network ndi kuitenga ngati Public, zonse mwakonza zija n'kutsekekanso.

Onaninso mayina a makompyuta. Makompyuta ogulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito nthawi zambiri amabwera ndi dzina limodzi monga USER-PC, chifukwa wogulitsa anaika Windows mofanana pa onse. Awiri akakhala ndi dzina limodzi pa netiweki imodzi amasokonezana. Apatseni mayina afupiafupi osapitirira zilembo 15 komanso opanda mpata, monga TEBULO, MAYI ndi MWANA. Dzina la gulu lisiyeni WORKGROUP pa onse.

Tifike pa nkhani ya pasiwedi, yomwe ndiyo phata la vuto lanu. Mukazimitsa Password protected sharing, aliyense wolowa amatengedwa ngati mlendo wosadziwika, amene Windows imamutcha Guest. Kale zimenezi zinkayenda. Koma mu Windows 11 ya mtundu wa 24H2, imene inatuluka mu Okutobala 2024, Microsoft inasintha zinthu ziwiri pa Pro. Inaletsa kulowa ngati Guest, ndipo inalamula kuti uthenga uliwonse wa SMB uzikhala ndi chidindo chotsimikizira kuti sunasinthidwe panjira, chimene amachitcha SMB signing. Chidindochi chimapangidwa kuchokera pa kulowa ndi dzina ndi pasiwedi, ndiye Guest sangakhale nacho. Windows 7 imadziwa kuika chidindochi bwinobwino, bola munthu alowe ndi akaunti yeniyeni. Mukuona tsono kuti malangizo a mnyamata uja akanakutsekerani laputopu ya mwana panja, kenako akanakuuzani kuti muzimitsenso chitetezo china kuti mukonze chimene chawonongeka ndi malangizo oyamba.

Njira yake ndi yapafupi. Pa kompyuta ya patebulo pitani ku Control Panel, User Accounts, Manage another account, Create a new account. Itcheni banja, ikhale Standard user, osati Administrator, ndipo muipatse pasiwedi yabwino imene nonse atatu mudzaidziwe. Palibe amene azigwira ntchito mu akaunti imeneyi, ntchito yake ndi yolowera kuchokera pa malaputopu basi. Pasiwedi ndi yofunika ndithu, chifukwa kuyambira nthawi ya Windows XP akaunti yopanda pasiwedi siloledwa kulowa kudzera pa netiweki, ndipo anthu ambiri amene kompyuta yawo imangotseguka yokha osafunsa kanthu amakakamira pomwepa osadziwa chifukwa. Password protected sharing ikhale yoyatsa.

Kenako pangani foda imodzi pa C: kapena pa D: ndi kuitcha Zogawana. Musagawe diski yonse, ndiponso musagawe foda ya Users. Dinani batani lakumanja pa fodayo, Properties, Sharing, Advanced Sharing, chongani Share this folder, dinani Permissions, chotsani Everyone, onjezani banja ndi kuchonga Change. Anthu ambiri amathera pamenepa, kenako n'kumadabwa ndi uthenga woti alibe chilolezo. Zilolezo zili pawiri, ngati geti la mpanda ndi chitseko cha nyumba: mlendo mungamutsegulire geti, koma chitseko chikakhala chokhoma adzangoima pakhonde. Sharing ndiye geti, ndipo chitseko chili pa tsamba loyandikana nalo lotchedwa Security. Pitani pamenepo, dinani Edit, Add, lembani banja, chongani Modify. Windows imayang'ana zilolezo zonse ziwiri n'kutsatira chokhwima kwambiri.

Tsopano khalani pa laputopu. Musatsegule Network. Dinani Windows ndi R, lembani \\192.168.8.50 ndi kudina Enter. Timizere tiwiri toyambirirato ndi topendekera kumanzere, osati timene timakhala m'maadiresi a pa intaneti. Ikafunsa dzina lembani TEBULO\banja, lembani pasiwedi, ndi kuchonga Remember my credentials. Foda ya Zogawana ioneka. Dinani batani lakumanja pa iyo ndi kusankha Map network drive, kuti izioneka mu This PC ngati diski ya Z: nthawi zonse. Pa Windows 11 chosankhachi mwina mungachipeze mukadina kaye Show more options. Yesani kuponyamo fayilo, kenako mukaione pa kompyuta ya patebulo.

Zikakanika, uthenga umene wabwera ukulozerani kumene mubwerere. Ukakhala 0x80070035, woti njira sinapezeke, vuto lili pa nambala, pa Private ndi Public, kapena pa antivirus ina imene ili ndi firewall yakeyake, kutanthauza mlonda wotchinga zolowa kuchokera pa netiweki. Ma antivirus oterewa amafunika kuuzidwa paokha kuti netiweki ya pakhomo ndi yodalirika, ndipo uzani yomweyo m'malo mozimitsa firewall yonse. Ukakhala woti mulibe chilolezo, bwererani ku Sharing ndi Security. Ikamangofunsa pasiwedi mobwerezabwereza, kapena ikasiya kufunsa koma n'kumakanabe, ndiye kuti laputopu inasunga pasiwedi yolakwika. Tsegulani Credential Manager mu Control Panel, pitani pa Windows Credentials, chotsani zimene zasungidwa pa nambala ija ndi kuyesanso.

Ngati mtima wanu ukufunabe kuti mayina azioneka mu Network, pali njira yosafuna SMB1. Pa kompyuta iliyonse dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Function Discovery Provider Host ndi Function Discovery Resource Publication, muziike pa Automatic ndi kuziyatsa. Kuoneka pena n'kusowa pena kumene mwatchula kuja kawirikawiri kumachokera pa ziwirizi.

Zinthu ziwiri muwachenjeze a pabanja panu. Fayilo imene munthu waifufuta mu Zogawana ali pa laputopu sipita mu Recycle Bin, imapitiratu. Komanso vayilasi yotseka mafayilo ikalowa pa laputopu imodzi, imafika mu foda iliyonse imene laputopuyo ili ndi chilolezo cholembamo. Ndiye zinthu zamtengo wapatali, monga zithunzi ndi makalata a malo, ziikeni mu foda ina imene banja ili ndi chilolezo cha Read chokha, ndipo kope ina izikhala pa diski yakunja yosalumikizidwa nthawi zonse.

Mwina mudzafuna kuti foda ya pa laputopu ya mayi kapena ya mwana izitsegulidwanso kuchokera kwina. Njira ndi yomweyi, koma dziwani kuti PIN ya manambala imene amalowera pa laputopu sigwira ntchito pa netiweki, imagwira pa chipangizo chokhacho. M'malo molimbana ndi imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Microsoft, pangani akaunti ina ya banja pa laputopuyo, ya mtundu wa local account. Kunena zoona, pa banja la anthu atatu foda imodzi pa kompyuta imodzi imakwana, ndipo pakati pa malaputopu awiriwo palinso Nearby sharing, imene ili mu Windows 10 ndi 11 koma mulibe mu Windows 7. Mlendo akabwera ndi MacBook, atsegule Finder, adine Command ndi K, alembe smb://192.168.8.50 ndi kulowa ndi akaunti yomwe ija. Pa Ubuntu kapena Linux Mint adiresi ndi yomweyo mu pulogalamu yotsegulira mafoda.  Ngakhale iPhone imatsegula foda yotere kudzera mu Files.

Pulinta ili ndi mbiri yakeyake. Kale munkangodina pa pulinta ya kompyuta ina, Windows n'kukokera yokha driver, kutanthauza pulogalamu yoyendetsa pulintayo, kuchokera kumeneko. Pakati pa 2021 kunapezeka chiboo choopsa m'njira imeneyi, chimene chinatchedwa PrintNightmare, choti munthu woipa ankatha kulowetsa pulogalamu yake ngati driver n'kulanda kompyuta yonse. Kuyambira Ogasiti chaka chimenecho Microsoft inalamula kuti driver yochokera pa kompyuta ina iziikidwa ndi Administrator yekha, ndipo zigamba za mu Sepitembala zinakhwimitsanso kalumikizidwe, n'chifukwa chake anthu ambiri anayamba kuona uthenga wa 0x0000011b. Windows 11 ya 22H2 inasinthanso njira imene imafikira pulinta ya kompyuta ina. Windows 7 inasiya kulandira zigamba za nthawi zonse pa 14 Januwale 2020, ndiye zambiri mwa zosinthazi sikuzidziwa. Uthenga wanu wa 0x00000709 umabwera kawirikawiri pa kusamvana kotereku. Pamwamba pa izo, makompyuta ambiri akale a Windows 7 ndi a 32-bit, pomwe Windows 11 ndi ya 64-bit yokhayokha, choncho ngati kompyuta ya patebulo ili ya 32-bit, driver yake singagwire ntchito pa laputopu ya mwana ngakhale itakokedwa.

Mudzapeza anthu akulangiza kuti mulowe mu Registry, mosungira zosankha zam'kati za Windows, ndi kusintha RpcAuthnLevelPrivacyEnabled kukhala 0, kapena muchotse zigamba za Windows. Uku ndi kutsegulanso chiboo chimene chinatsekedwa, ndipo sindikukulangizani kutero. Pali njira ina imene imalambalala vuto lonseli: laputopu iliyonse ikhale ndi driver yakeyake, ndipo kompyuta ya patebulo ingokhala yolandira ntchito ndi kuipereka ku pulinta.

Pa Windows 7 tsegulani Devices and Printers, dinani batani lakumanja pa pulinta, Printer properties, Sharing, chongani Share this printer ndi kuipatsa dzina lalifupi lopanda mpata, monga HP1102. Kenako zulani chingwe cha USB, mukachilowetse pa laputopu, muike driver ya P1102 yochokera pa tsamba la HP lenilenilo, osati pa masamba ena odzaza ndi mabatani a Download. Pulintani tsamba limodzi kuti mutsimikize kuti driver ikugwira. Chitani izi pa malaputopu onse awiri, kenako bwezerani chingwe pa kompyuta ya patebulo.

Tsopano pa laputopu ya Windows 11 pitani ku Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, Add device. Dikirani pang'ono mpaka patuluke Add manually. Pa Windows 10 mawu ake ndi The printer that I want isn't listed. Sankhani Add a local printer or network printer with manual settings. Inde, local, ngakhale pulinta ili m'chipinda china. Sankhani Create a new port, mtundu wake Local Port, ndipo pa kabokosi kofunsa dzina lembani \\192.168.8.50\HP1102. Ikakana kuti Access is denied, ndiye kuti laputopuyo sinasunge dzina ndi pasiwedi ya banja, n'chifukwa chake ndinati foda iyambe yatseguka. Ikavomera, sankhani HP pa mndandanda, pezani P1102, ndipo ikafunsa sankhani Use the driver that is currently installed. Itcheni dzina loti musaisokoneze ndi ya USB ija, monga Pulinta ya pa TEBULO. Pomaliza lowani mu Printer properties, pa tsamba la Ports, chotsani chongi pa Enable bidirectional support ngati chilipo, kenako pulintani tsamba loyesera.

Njira imeneyi ili ndi zoperewera zake, ndipo ndi bwino muzidziwe. Laputopu sidzakuuzani kuti mapepala atha kapena kuti pepala lakodwa, muyenera kukaona nokha. Ndipo kompyuta ya patebulo iyenera kukhala yoyaka komanso yosagona. Lowani mu Power Options ndi kuika Put the computer to sleep pa Never, sikirini yokha ndiyo izizima. Mwana wanu mumuuze kuti mu Printers & scanners muli chosankha chotchedwa Windows protected print mode, chimene chinabwera ndi 24H2. Asachiyatse, chifukwa chimalola mapulinta a masiku ano okha ovomerezedwa ndi bungwe la Mopria ndipo chimachotsa ena onse odalira driver ya kampani, monga P1102 yanuyi.

Tsiku limene mudzagule pulinta ina, gulani yokhala ndi Wi-Fi kapena polowetsa chingwe cha netiweki. Pulinta yotere imalandira nambala yakeyake ku rauta, kompyuta iliyonse imalankhula nayo mwachindunji, ndipo kusiyana kwa Windows 7, 10 ndi 11 sikukhalanso nkhani. Nthawi zambiri kusiyana kwake kumaoneka pa dzina: P1102 ndi ya USB yokha pomwe P1102w ili ndi Wi-Fi, Epson L3110 ndi ya USB yokha pomwe L3150 ili ndi Wi-Fi. Timabokosi totchedwa print server, tolumikiza pulinta ya USB ku rauta, timagwira bwino ndi mapulinta ena, koma P1102 ndi ya gulu lodalira kompyuta pa ntchito yambiri yokonza tsamba, ndipo mapulinta a gulu limeneli amagwirizana ndi timabokosi tina tokha. Musapereke ndalama musanayese ndi pulinta yanu yomweyo.

Za kompyuta ya Windows 7 ndikulankhulani mosabisa. Monga yosungira foda ndi kuyendetsa pulinta mkati mwa nyumba, ingathe kukutumikirani ndithu. Koma musamalowere pa iyo ku banki, kutsegula maimelo kapena kukopera mapulogalamu. Google Chrome inalekera pa mtundu wa 109 pa Windows 7 kumayambiriro kwa 2023, ndiye ngakhale browser yake ilibe zigamba zatsopano. Laputopu ya mayi nayonso muiganizire: Microsoft inasiya kupereka zigamba zaulere za nthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo kwa anthu a pakhomo inangolengeza dongosolo lowonjezera zigamba lotchedwa ESU lofika pa 13 Okutobala 2026. Tsegulani Windows Update pa laputopuyo muone ngati ikuloledwa kukwera kupita ku Windows 11.

Kompyuta ya XP isalowe pa netiweki. Imeneyi ndiyo yokha imene ikanafuna SMB1, ndipo inasiya kulandira zigamba za nthawi zonse pa 8 Epulo 2014. Simukufuna kompyutayo, mukufuna zithunzi zili m'katimo, ndipo ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi. Njira yabwino koposa ndi kusaiyatsa n'komwe. Tsegulani bokosi lake, kapena pemphani wodziwa atsegule inu mukuona, mutulutse hard disk ndi kuilumikiza ku laputopu ya Windows 11 ndi kachipangizo kosinthira ku USB. Yang'anani kaye polumikizira pake musanagule kachipangizoko: diski zakale kwambiri ndi za IDE, zokhala ndi chingwe chachikulu chophwatalala ndi timano tambiri m'mizere iwiri, pomwe zina ndi za SATA, za kachingwe kakang'ono. Diski ya kompyuta ya patebulo imafunanso magetsi akeake, USB yokha siyingaizungulitse, choncho kachipangizoko kakhale kobwera ndi pulagi yake. Ikaoneka mu This PC, dinani batani lakumanja ndi kuipima ndi Microsoft Defender musanatsegule foda iliyonse. Zithunzi za pa XP nthawi zambiri zimakhala mu Documents and Settings, m'kati mwa dzina la mwini akaunti, mu My Documents, My Pictures, ndipo yang'ananinso mu Desktop. Windows ikafunsa chilolezo chotsegulira fodayo, dinani Continue. Kopani zithunzi ndi mavidiyo okha, mafayilo othera ndi .exe, .vbs kapena .lnk muwasiye komweko.

Ngati kutsegula bokosi sikutheka, iyatseni yosalumikizidwa ku rauta ndi kugwiritsa ntchito fulashi yopanda kanthu kena. Fulashi yofomatidwa ngati FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndiye ngati pali vidiyo yaitali ya ukwati, yambani mwaifomata fulashiyo kukhala NTFS pa laputopu. Mukaibweretsa ku laputopu ipimeni kaye, ndipo mukaona mafoda asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, musawadine, imeneyo ndi vayilasi ya pa fulashi ija. Diski imene yakhala zaka osazungulira ingathe kufa nthawi ina iliyonse ikayambanso kugwira ntchito, choncho ikangotseguka kopani zithunzi za ukwati poyamba, zinazo pambuyo, ndipo musaifufute mpaka mutatsegula zithunzizo pa laputopu ndi pa diski yakunja n'kuona kuti zonse zikutseguka.